Yankho kwa Onena Kuti Webusaiti Ingadzitumizire Yokha Maimelo

Pakati pa okonza mawebusaiti pafala ganizo lakuti kulipira kampani yopititsa maimelo ndi kuwononga ndalama, popeza seva, yomwe ndi kompyuta yosunga webusaitiyo, imatha kutumiza yokha mauthenga monga risiti la wogula kapena linki yosinthira mawu achinsinsi. Ganizoli silolakwika lonse, chifukwa ndondomeko ya SMTP, imene Jon Postel adailemba mu 1982, imalola kompyuta kupatsira inzake kalata, koma likuiwala kuti amene amagamula ngati kalatayo ilowe ndi wolandira.

Gmail kapena Outlook isanalandire uthenga, imayamba yafufuza mbiri ya nambala ya IP, imene ndi chizindikiro cha makina otumizawo pa intaneti. Pa seva zotsika mtengo mawebusaiti ambirimbiri amagawana nambala imodzi, ndipo mbava zikalowerera imodzi mwa mawebusaitiwo n'kuyamba kumwaza mauthenga achinyengo, bungwe la Spamhaus limatha kuika nambalayo pamndandanda wa okayikitsa, motero risiti la wamalonda wosalakwa limakanidwa limodzi ndi zinyalala za mnzake. Pamwamba pa izi, Google Cloud imatseka khomo lotulukira la nambala 25, lomwe ma seva amapatsirana makalata, ndipo Amazon EC2 imalitsegula pokhapokha mwini atapempha.

Kuyambira mu February 2024 Google imafuna kuti aliyense wotumiza ku Gmail akhale ndi SPF, yomwe ndi mndandanda wa makina ololedwa kutumiza m'dzina la webusaitiyo, kapena DKIM, siginecha yotsimikizira kuti kalata sinasinthidwe panjira. Kampani yopititsa maimelo imapereka zoyenera kulemba, ngakhale kuziika mu DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti, kumatsalabe m'manja mwa mwini dzinalo, ntchito imene ambiri amaizengereza kenako n'kumadzudzula kampaniyo.

Za mtengo sizifunika mkangano wautali, pakuti Amazon SES, imodzi mwa ntchito zopititsa maimelo, imalipiritsa masenti 10 a ku America pa maimelo 1,000. Chofunika kuchiganizira posankha ndi ngati kampaniyo imalekanitsa zidziwitso ndi makalata otsatsa malonda, monga imachitira Postmark, komanso ngati imasonyeza kalata iliyonse yobwezedwa ndi chifukwa chake. Izi n'zofunika chifukwa lamulo la mail mu PHP, chilankhulo chopangira mawebusaiti, limayankha kuti zatheka seva ikangolandira uthengawo, ngakhale wogula atakhala tsiku lonse akudikira linki imene Gmail idaikana kale.