Buku Limodzi m'Makalasi Ambiri: Wailesi Idakali ndi Ntchito

M'chaka cha 2010 mphunzitsi wina wa ku Wisconsin, m'dziko la America, dzina lake Pernille Ripp, adayambitsa mwambo umene adautcha Global Read Aloud. Machitidwe ake ndi apafupi. Aphunzitsi a m'maiko osiyanasiyana amapangana buku limodzi, ndipo kwa masabata 6 aliyense amawerengera ana ake bukulo mokweza, chigawo chomwecho sabata yomweyo. Akatha kuwerenga, ana a sukulu imodzi amacheza pa intaneti ndi anzao a kutsidya la nyanja, nafunsana zimene amva ndi zimene akuyesa kuti zichitika m'chigawo chotsatira.

Tsono kholo la ku Nkolokosa likamva mbiri imeneyi liyenera kufunsa ngati ana a m'sukulu za kuno, pamodzi ndi a ku Chitawira, Manja ndi Zingwangwa, angalowe nawo. Zopinga zilipo, ndipo kusowa kwa makina sindiko kokha. Mwezi wa Okutobala, pamene mwambowu umachitika, belu la 8 koloko m'mawa likamalira ku Wisconsin, ku Blantyre kuno nthawi imakhala itakwana 3 koloko masana, ana a Sitandade 1 ndi 2 ataweruka kalekale. Mabuku osankhidwawo ndi a Chingerezi, pamene mwana wa kuno adakalimbana ndi kulumikiza maphatikizo a Chichewa. Ndiponso chiyambire 1994, pamene Boma lidachotsa malipiro m'sukulu za pulayimale, kalasi ya ana oposa 100 si chinthu chachilendo m'tauni muno.

Koma asaiwale anthu kuti dziko lino lidachitapo kale ntchito yofanana nayo, ndipo gwero lake linali pa Chichiri pomwepa, ulendo wa pansi kuchokera ku Nkolokosa. M'chaka cha 2008 Unduna wa Maphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la USAID, udayamba kuulutsa maphunziro a Tikwere pa wailesi ya MBC, ndipo sukulu ya Malawi College of Distance Education idagwira nawo ntchitoyo. Sukulu zidalandira mawailesi opukusa ndi dzanja, osalira mabatire. Nthawi ikakwana, mphunzitsi ankaika wailesi patsogolo pa kalasi. Mawu a m'wailesimo ankafunsa funso nakhala chete pang'ono, ana nayankha onse pamodzi. Motero mwana wa ku Nsanje ndi mwana wa ku Chitipa ankamva nkhani imodzi mphindi yomweyo, ngakhale kuti sankamvana iwo okha. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, Boma lidabwereranso ku wailesi kuti ana aphunzire ali pakhomo.

M'chaka cha 2023 Boma lidayamba ntchito ina, yotchedwa BEFIT, yopereka matabuleti m'sukulu za pulayimale, kuyambira ndi sukulu 500. Ntchitoyi njoyamikika, pakuti mwana amaphunzira malembo ndi masamu m'Chichewa pa liwiro lakelake, ndipo wochedwa kumva sasiyidwa m'mbuyo monga zimachitikira m'kalasi yodzaza. Komabe tabuleti imalankhula ndi mwana mmodzi, m'makutu mwake yekha. Kuwerenga mokweza kuli ndi phindu lina limene agogo adalidziwa kale pofotokoza nthano madzulo: wofotokoza akati "Padangotero," omvera ayenera kuvomera kuti "Tili tonse." Mwana amene wamva nkhani pamodzi ndi anzake amatsutsana nawo, amaseka nawo, nafuna kudziwa mathero ake, ndipo kufunitsitsa kumeneko ndiko kumamtuma kukatsegula yekha buku.

Chifukwa chake njira yoyenera Malawi siiyamba ndi kufuna anzake ku Wisconsin. Unduna ungasankhe buku limodzi la Chichewa pa teremu, MBC n'kumaulutsa ndime zoyamba za chigawo chilichonse m'mawa wa tsiku lodziwika, mphunzitsi n'kupitiriza ndi pakamwa pake. Chimene Tikwere inalibe, ndicho kuyankhana kwa makalasi, lero chingatheke ndi lamya ya m'manja ya mphunzitsi mmodzi: ajambule mawu a ana atatu kapena anayi, natumize pa WhatsApp kwa mnzake wa ku Mchinji kapena ku Dedza. Pambuyo pake mwambowo ungaoloke malire. Ana a ku Chipata m'dziko la Zambia ndi a ku Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique amalankhula chinenero chomwechi, ndipo koloko yao ndi ya kuno zimaloza ora limodzi.

Pavuta ndi pa ndalama ndi pa mabuku. Tikwere idayenda ndi chuma cha USAID, ndipo ndondomeko ya National Reading Programme, imene idayamba mu 2016, idatsamiranso pa bungwe lomwelo. Boma la America lidatseka bungweli mu 2025, kotero kuti katundu amene ankasenzedwa ndi awiri tsopano watsalira Boma, makomiti a sukulu ndi makolo. Mwayi wake ngwakuti kuwerenga mokweza sikulira buku la mwana aliyense. Buku limodzi m'manja mwa mphunzitsi likwanira kalasi yonse, ndipo mabuku zikwi zowerengeka angafike m'sukulu zonse za Boma. Chimene Unduna uyenera kuyamba kukhazikitsa ndicho mphindi za kuwerengako pa ndandanda wa maphunziro, pakuti mphunzitsi wa ku Nkolokosa amene akuthamangitsana ndi silabasi sadzatsegula buku la nthano ngati nthawi yake siinalembedwe pakhoma la ofesi ya mphunzitsi wamkulu.