Mimba ya Mwana Ikatupa, Ayenera Kuunikidwa Msanga

Amai ambiri m'makomboni akapeza cotupa colimba m'mimba mwa mwana pomusambika, amati ndi kapamba wa malungo kapena njoka za m'mimba. Ena amapita naye kwa ng'anga kukamutema mphini. Miyezi imapita, cotupa cilikukula.

Nthawi zina cotupaco ndi khansa ya impso imene madokotala amati Wilms. Siigwira ana ambiri, koma imakonda aja osakwana zaka 5. Imayamba mbali imodzi ya mimba, ndipo poyamba siwawa. Apa ndi pamene makolo amanyengeka.

Dzanja la dokotala lingamve cotupa, koma silingaone pamene cinamera. Nchito imeneyo ndi ya sikani, makina omwe aja amene amaunikira amai apakati. Sikani siboola thupi, sicotsa magazi, ndipo mwana samva kuwawa. Pambuyo pake amajambula cifuwa ndi X-ray kuti aone ngati matendawa afika ku mapapo.

Ikapezeka msanga, khansa iyi imacizika. Mwana amalandira mankhwala ocepetsa cotupa, kenaka amacotsa impso yodwalayo, ndipo amakula bwino ndi impso imodzi. Thandizo lotere lili ku Lusaka, kumene kuli UTH ndi Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa mu 2007.

Conco kalata yotumiza mwana ku cipatala cacikulu isasungidwe m'cikwama kudikira malipiro a mwezi wa mawa. Acibale asonkhe ndalama za basi, mwana apite sabata lomwelo.