Kanyale Kofiira Kakayamba Kuphethira

Mwezi watha tinali paulendo wocoka ku Katete kupita ku Chipata m'galimoto yathu yakale, Volkswagen Beetle ya caka ca 1968. Tisanafike pa Mtenguleni, kanyale kofiira ka pa wochi ya liwiro kanayamba kuphethira: kuyaka, kuzima, kuyakanso. Mwana wathu amene anali pa ciwongolero anati, "Atate, tiyeni tizipita, kanyale aka kamanama." Ife tinati, "Ima pambali, mwanawe." Lero tifuna kufotokoza cifukwa cake tinaumirira.

Kanyale kameneka kali pakati pa magetsi a mbali ziwiri, a batire ndi a jenereta. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, mphamvu imacokera ku batire kokha, ndipo kanyale kamayaka. Injini ikalira, jenereta nayo imatulutsa mphamvu yofanana, ndipo kamazima. Cotero kakayaka muli paulendo, kakukuuzani kuti mbali ziwirizo zasiyana.

Pa Beetle nkhaniyi ndi yoopsa koposa. Injini yake, imene ili kumbuyo, siizizira ndi madzi koma ndi mphepo, ndipo lamba amene amazunguza jenereta ndi yemweyo amene amazunguza fani yoziziritsa. Lamba akaduka, injini ingapse m'mphindi zowerengeka. Ndipo popeza galimotozi analeka kuzipanga mu 2003 ku Puebla, m'dziko la Mexico, injini yabwino siipezeka wamba.

Tsono poyamba tinazima injini ndi kuona lamba. Mukamudinikiza ndi cala pakati, ayenera kulowa pang'ono cabe, ngati sentimita imodzi. Akakhala wolobodoka amatereraterera, ndipo kanyale kamaphethira makamaka mukaponda mafuta. Pomukunga, mumacotsa washala imodzi pakati pa mbale ziwiri za pule ya jenereta. Wathu anali bwino.

Kaciwiri tinadzifunsa kuti: kodi kanyale kakuphethira nthawi yanji? Funso ili ndilo mfungulo. Kakamayaka mozirala injini ikulira pang'onopang'ono, nkuzima mukawonjeza moto, limenelo ndi khalidwe la jenereta zakale, si matenda. Kakamayaka injini ikuthamanga, ganizirani mabulashi awiri a makala a m'jenereta, amene amatha ndi ukalamba, kapena regyuleta, imene m'galimoto yathu ili pansi pa mpando wa kumbuyo. Koma kakamaphethira pamene tayala lagunda dzenje, bvuto kawirikawiri ndi waya.

Cathu cinali comweco. Titatsatira waya wa buluu wocokera ku regyuleta kupita ku kanyale, tinapeza kuti khungu lake linanyuka, ndipo unali kukhudza citsulo ca galimoto pa dzenje lililonse. Tinaukulunga ndi tepi, ndipo kanyale kanakhala cete mpaka ku Chipata. Titafika tinapala dzimbiri pa mitu ya batire ndi pa waya wa efi, ndipo makanika anapima magetsi injini ikulira: anapeza mavolti pafupifupi 14. Akadapeza 12 okha, tikadadziwa kuti batire siikulandira kanthu.

Musasokoneze kanyale aka ndi kanzake ka oilo, kamene m'galimoto yathu ndi kobiriwira. Kameneko kakaphethira pokhota kapena pogwira buleki, oilo wacepa. Injini ya Beetle imatenga malita awiri ndi theka basi, motero wocepa pang'ono ndi wocepa kwambiri. Imani pomwepo, pimani, onjezani.

Pali abale ena amene, potopa ndi kuphethirako, amacotsa babu kuti mtima ukhale pansi. Kutero nkutseka pakamwa pa mlonda. Ndiponso m'galimoto za alitaneta, imene inalowa m'malo mwa jenereta ca m'ma 1973, mphamvu yoyamba yodzutsa alitaneta imadzera m'babu yomweyo. Mukaicotsa, batire ingathe osadziwa, ndipo mudzagona m'tchire ndi ana.

Mwana wathu sanalakwe kwenikweni: tsiku limenelo kanyale kananamadi. Koma sitikadadziwa zimenezo tikadapanda kuima ndi kutsegula kumbuyo. Tinataya theka la ola ndi kacidutswa ka tepi. Tikadatha kutaya injini. Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha. Yendani bwino, ndipo tidzaonana mwezi wamawa.