Chenjerani ndi Maulendo Otchipa a ku Likoma

Abale anga a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, tcherani khutu. Uthenga ukakupezani pa WhatsApp kapena Facebook wokuitanirani ku ulendo wokapuma pa chilumba cha Likoma, kapena ku Zanzibar, musathamangire. Zithunzi zake zimakoka mtima: mchenga woyera mbee, madzi oonekera mpaka pansi, malambe akuluakulu. Mtengo wake wotsika modabwitsa. M'munsi mwake muli nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi mawu akuti malo atsala ochepa, tumizani lero lomwe.

Musatumize.

Ku Likoma n'koyeneradi kukaonako. Kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe a Angilikani anayamba kumanga mu 1903 pa Chipyela, malo omwe kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mwana wanu akalowamo n'kukweza maso kudenga, adzamva mbiri ya dziko lino kuposa ya m'buku. Akamberembere amadziwa kuti mumalakalaka zimenezi, n'chifukwa chake amakutcherani msampha pomwepo.

Inu amayi a banki m'khonde, inu a kwaya, inu achinyamata amene mwasonkha chipereganyu miyezi yonseyi, ndinu amene amakufunani, chifukwa ndalama zanu zimabwera pamodzi. Funsani kuti ofesi yawo ili pati, ndipo pitaniko ndi miyendo yanu. Onani chiphaso chawo cha boma. Imbani nokha kumalo ogona amene akutchulawo, mumve ngati akukuyembekezeranidi. Wokulonjezani Zanzibar osafunsa n'komwe za pasipoti yanu, ameneyo ndi mbava. Wokana kupereka lisiti, musiyeni.

Koma choopsa kwambiri chili panyanja. Wokonza ulendo wotchipa amafuna podulira ndalama, ndipo amadulira pa boti. Mukafika pa Nkhata Bay usiku, angakuuzeni kuti sitima ya Ilala yapita kale, tiyeni tikwere kaboti aka, tifika msanga. Muone bwino: matumba a chimanga ndi simenti pansi, anthu atakhala pamwamba pake, madzi atatsala pang'ono kulowera m'mphepete, majekete oyandamitsa munthu palibe. Kanani. Gonani pamtunda, mudikire sitima.

Nyanja iyi simasewera. Mu 1895 inameza Bishopu Chauncy Maples ali pa ulendo wa ku Likoma komweko. Mu July 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo, anthu 145 n'kufa. Imeneyo inali sitima yachitsulo. Nanga kaboti kamatabwa kodzaza mpaka pakamwa kangalimbe bwanji mwera ukauka? Miyezi ya June, July ndi August, pomwe mphepoyi imaomba kwambiri, samalani koposa. Ambiri a ife tinakulira kuno kumtunda, kusambira sitidziwa.

Mukafuna kupita, fufuzani nokha tsiku lomwe Ilala ikudutsa, gulani tikiti kwa eni sitima, ndipo siyani tsiku lapadera chifukwa imatha kuchedwa. Tengani neti ya udzudzu. Ana asasewere m'madzi odikha a m'mabango, momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Ngati mwatumiza kale ndalama ndipo foni yawo yazima, musabise chifukwa cha manyazi. Sungani uthenga wotsimikiza kuti munatumiza, dziwitsani kampani ya foni, kaneneni kupolisi ya Kawale, ya Kanengo kapena yomwe muli nayo pafupi. Uzaninso anzanu kutchalitchi, kumzikiti ndi pamsika lero lino, nambala yomweyo isanadye wina.