Akakana waranti, tisangobwerera kumudzi chete

Ku Edingeni, kulikulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, njinga yamoto si chinthu chongonyadira. Ndi imene imathamangira ndi wodwala kuchipatala cha Embangweni, imasenza matumba kupita ku Mzimba boma, ndipo m'makomo ambiri ndi imene imalipira fizi. Zambiri zinagulidwa ndi ndalama za fodya kapena za mwana amene akukhetsa thukuta ku Joni. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera moti banja likagula njinga imodzi, ndiye kuti lathera pomwepo.

Tsono injini ikanoka patangotha miyezi iwiri, mwiniwake amaikweza pa lole kubwerera nayo kumene anagula, atanyamula pepala la waranti lolonjeza kuti adzamukonzera ulere. Mayankho ake timawadziwa: munathira petulo wa m'zigubu, simunasinthe oyilo, msewu wa kwanu ndi wafumbi. Ambiri amangoti zikomo, n'kukakongola ndalama zokonzetsera. Ife tikuti pamenepa m'pamene nkhani iyenera kuyambira.

Tisanamizane, nthawi zina wogulitsa amakhala akunena zoona. Oyilo akachepa kapena akada, zitsulo zimakhulana zouma, zimatentha, pisitoni n'kugwira. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika, fumbi limalowa n'kumadya maring'i ngati mchenga. Njinga yonyamula anthu atatu ndi thumba la feteleza singakhalitse. Amene wachita zotere asadandaule.

Koma kunena si kusonyeza. Injini ikatsegulidwa imaulula chimene chaipha. Yakufa ndi fumbi, yakufa ndi kusowa oyilo, ndi yobwera ndi chilema kuchokera kufakitale sizioneka mofanana pamaso pa makaniko wodziwa ntchito. Wogulitsa amene akukana asanaitsegule akungoganizira, ndipo akuganizira mokomera thumba lake. Nanga za fumbizo, pogulitsa njinga kwa munthu wa ku Edingeni, ankayesa kuti ikayenda pa phula? Ngati waranti sigwira ntchito pamsewu wadothi kapena pa kabaza, anayenera kunena asanalandire ndalama.

Malamulo a dziko lino sanamutaye wogula. Tili ndi Consumer Protection Act ya 2003, komanso Competition and Fair Trading Act imene inakonzedwanso mu 2024 n'kupatsa bungwe la CFTC mphamvu zolipiritsa chindapusa amalonda opondereza ogula. Bungweli lakhala likuchenjeza kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa n'zosemphana ndi lamulo pamene katunduyo ali ndi vuto. Kukadandaula kumeneko salipira. Kulinso bungwe la CAMA loyankhulira ogula, ndipo khoti la majisitireti ku Mzimba boma limamva milandu ya ndalama.

Komabe mabungwewa amagwira ntchito ndi umboni, ndipo umboni umayamba tsiku logula. Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, mtengo, nambala ya injini ndi ya chasisi. Waranti ya pakamwa imauluka ndi mphepo, choncho ilembedwe: ndi ya miyezi ingati, makilomita angati, ikukhudza ziwalo ziti, ndipo sevisi ichitikire kuti. Nthawi iliyonse posintha oyilo, tsiku ndi makilomita zilembedwe m'kope, makaniko asayine. Injini ikayamba phokoso lachilendo, njinga iimitsidwe pomwepo, ndipo pasapezeke woitsegula wogulitsa asanaione, chifukwa baluti imodzi yomasulidwa imampatsa pothawira.

Akakana, tipemphe mwaulemu kuti alembe chifukwa chake papepala, ndiponso kuti injini itsegulidwe mwiniwake ali pomwepo pamodzi ndi makaniko wapadera. Ziwalo zowonongeka zijambulidwe pa foni ndipo zisatsale kusitolo popanda cholembedwa. Kenako ilembedwe kalata yaifupi yonena tsiku logula, chimene chachitika, chimene tikufuna, ndi masiku amene tikudikira yankho. Masikuwo akatha, kope la kalatayo lipite ku CFTC. Wamalonda amene amakweza mawu pakauntala amafatsa akaona kuti zonse zili papepala.

Ena anena kuti zonsezi n'zotopetsa, kuti ndalama zoyendera zingapose mtengo wa pisitoni. N'zoona kuti ulendo wochoka ku Edingeni umadya tsiku ndi ndalama. Koma kalata imatha kuyenda pa foni, ndipo wogulitsa amene wakana munthu mmodzi popanda womufunsa adzakananso khumi. Enanso amaona ngati kudandaula ndi mwano kapena kukonda milandu. Kupempha chimene unalonjezedwa, modekha ndi mwachilungamo, si ndewu. Chofunika n'chakuti nafenso tinene zoona: ngati oyilo sanasinthidwe, tisapeke lisiti.

Nanga ife ophunzira zikutikhudza bwanji? Mapepala a waranti amalembedwa m'Chingerezi, m'timalemba ting'onoting'ono, ndipo makolo athu ambiri amasayina asanamve. Ife amene anatilipirira sukulu ndi ndalama za kabaza yemweyo ndife tiyenera kukhala pansi n'kuwawerengera mzere ndi mzere, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, asanapereke ndalama. Safunsa anadya phula. Amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi mwayi winanso: pophunzitsa kalembedwe ka kalata, tingapatse ana ntchito yolemba dandaulo lenileni m'malo mwa kalata yopita kwa bwenzi longopeka.

Tikapita kutchuthi, tiyeni tifunse kunyumba kumene kuli lisiti la njinga, la chigayo kapena la sola. Ngati lilipo, tilijambule n'kulisunga pabwino. Ngati palibe kope la sevisi, tigule limodzi la masamba ochepa, tilembe tsiku loyamba ndi dzanja lathu.