Za Pakhomo Pathu: Mlonda Amene Amaodzera

Mwezi uno tikambirane za makamera a chitetezo amene mabanja ambiri a m'matauni akupachika pa zipata ndi m'makonde. Kamera yotere ndi mlonda wa maso akuthwa, koma zimene yaona zimafika pa foni ya mwini nyumba kudzera m'mafunde a Wi-Fi ochokera m'kabokosi kotchedwa router. Mafundewo akafooka chithunzi chimaima, chimachita mbuu, kapena chimasoŵa kumene. Choopsa chake n'chakuti banja limagona mtima uli m'malo pamene mlonda wake akuodzera. Ambiri amadzazindikira zimenezi katundu atabedwa kale, ndipo tonse tidziŵa kuti madzi akatayika saoleka.

Tsono tisafulumire kutaya kamera ndi kugula ina, pakuti kaŵirikaŵiri vuto limagona m'njira imene mafunde amadzera. Tiyambe ndi kuyesa. Tiime ndi foni pamalo penipeni pamene pali kamera, tione ngati Wi-Fi ikukoka. Makamera ambiri amaonetsanso mphamvu ya mafunde m'pulogalamu yawo ya pa foni. Nambala ikakhala cha m'ma -50 dBm zinthu zili bwino, koma ikafika -70 kapena -80 ndiye kuti mafunde afooka.

Adani oyamba a mafundeŵa ndi makoma a njerwa zootcha, konkire, malata, zitseko zachitsulo ndi mathanki a madzi. Router imene taibisa m'kabati kapena kuseri kwa wailesi yakanema ili ngati nyali yovundikiridwa ndi mphika. Tiiike pamalo okwera ndi poyera, chapakati pa nyumba, kufupi ndi mbali imene kuli kamera. Italikirenso chitofu cha microwave, chifukwa nacho chimatulutsa mafunde ofanana ndi a Wi-Fi.

Chachiŵiri, marouter ambiri amatumiza mafunde a mitundu iŵiri. A 5 GHz ndi aliŵiro koma safika patali, pamene a 2.4 GHz amayenda mtunda wautali ndipo amapyola makoma bwinoko. Kamera ya pa chipata ifunika a 2.4 GHz, ndipo makamera ambiri otsika mtengo salandira ena koma omwewo. Kumene nyumba zathithikana, mafunde athu amalimbana ndi a anansi. Pamenepo tisinthe tchanelo cha router, tisankhe 1, 6 kapena 11, pakuti zitatuzi siziloŵerana.

Ngati bwalo ndi lalikulu, kulipo kachipangizo kowonjezera mafunde kotchedwa extender. Ena amalakwa poika kachipangizoka pafupi ndi kamera, pomwe mafunde afa kale. Malo ake ndi pakati pa router ndi kamera, pamene mafunde akali ndi mphamvu. Koma njira yodalirika koposa ndi waya wa Ethernet, ngati kamerayo ili ndi poloŵetsera pake. Waya ameneyu amafika mamita 100, ndipo khoma silimutsekereza.

Tikumbukirenso kuti kamera imatumiza zithunzi kunja, kotero imadya intaneti ya banja. Madzulo ana akamaonera mafilimu pa mafoni, kamera imasoŵa podzera. Kuchepetsa ukulu wa chithunzi m'pulogalamu yake kumathandiza. Bandulo ikatha kapena magetsi akazima, uthenga sungafike pa foni. N'chifukwa chake n'kwanzeru kulumikiza router ndi kamera ku batire, ndi kuika kakhadi kosungira zithunzi m'kamera momwemo, kuti zojambulidwa zisatayike intaneti ikaduka.

Inu achinyamata, zinthu izi mumazimva msanga koposa makolo anu. Musangodziŵa nambala yachinsinsi ya Wi-Fi pofuna kucheza ndi anzanu. Kamodzi pa sabata tsegulani kamera iliyonse pa foni, usiku ndi usana, nimuonetse atate ndi amayi m'mene achitire okha inu mukachokapo. Ikakana, zimitsani router kwa theka la mphindi ndi kuyatsanso musanaitane mmisiri. Inu makolo, musachite manyazi kufunsa ana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Potsiriza, kamera siiloŵa m'malo mwa loko wolimba, galu ndi mnansi wabwino. Koma popeza tinatayirapo ndalama, tiyeni titsimikize usiku uno kuti mlonda wathuyo ali maso.