Nkhodolero Si Chokometsera

Ndidaphunzitsa Chichewa zaka zoposa makumi atatu m'sukulu za m'boma la Thyolo, pakati pa minda ya tiyi, ndipo palibe chizindikiro chimene ndidachiona chikuzunzika m'makope a ana ngati nkhodolero ('). Ena amaitaya pamene ikufunika. Ena amaiwaza paliponse ngati mchere m'ndiwo. Onsewa ndi olakwa, ndipo aphunzitsi anzanga amene amalekerera zimenezi ponena kuti "bola tamvana" ndi olakwa koposa.

Tiyambe ndi otaya. Kuno kwathu kuli esiteti ya tiyi yotchedwa Naming'omba. Mwana wobadwira komweko, amene mayi ake amalawirira ndi dengu kumsana kukathyola tiyi, alemba "Namingomba" osachita nazo manyazi. Tatchulani mokweza zimene walembazo. Kodi ndi kwawo kumeneko? Liwu la ng' limatulukira m'mphuno lokha, pamene ng amamveka ndi g wake. Ndi maliwu awiri osiyana. Ng'oma timaimba pagule, koma ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Mukalembera amalume anu kuti akugulireni "chikopa cha ngoma" pamene mukufuna chokutira ng'oma yanu, mwawatuma kwa alenje. Chiganizo sichingakupulumutseni, pakuti mayina awiriwa ali m'gulu limodzi ndipo agwirizanitsi awo ndi ofanana. Atsamunda adalemba dzina la boma lino kuti "Cholo" chifukwa khutu lawo silinkamva bwino zolankhula zathu. Ife tidalikonza. Nanga bwanji eni akefe tikupotoza Naming'omba ndi Mang'anja ndi manja athu?

Ntchito yachiwiri ya nkhodolero ndi kuima pamene lembo lachotsedwa. "Mu munda" asanduka "m'munda", ndipo "ndi chiyani" asanduka "n'chiyani". Apa palibe chovuta.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi gulu la owaza, pakuti matenda awo ndi obwereka. M'Chingerezi nkhodolero ndi s zimasonyeza umwini, ndipo malo ake amasintha mwini chinthu akakhala mmodzi kapena ambiri. Ngakhale m'Chingerezi momwemo anthu amapunthwa. Pitani pamsika wa Bvumbwe kapena wa Luchenza mukawerenge zikwangwani: wogulitsa mbatata yokazinga alemba "Chip's", ngati kuti pali bambo wina dzina lake Chip amene ali mwini chiwaya. Tsono wophunzira aona zimenezi, naganiza kuti umwini ndi kuchuluka zimayenda ndi kachizindikiroka, n'kudzakabzala m'Chichewa. Zotsatira zake ndi "tiyi wa'bwino", "ana a'sukulu", "a'mayi anga". Ndinkawafunsa kuti, "Mwachotsapo lembo lanji pamenepa? Talibwezerani ndilione." M'kalasi munkangoti zii!

Chichewa sichidapemphe chithandizo chotere. Umwini tili nawo kale m'timawu wa, ya, la, cha, za. Timati dengu la wothyola tiyi, madengu a othyola tiyi. Kuchuluka kumaonekera kumayambiriro kwa dzina: mwana, ana, munda, minda, dengu, madengu. Ndipo ng'ombe ikhale imodzi, zikhale khumi, nkhodolero yake sisuntha, chifukwa ili pamenepo posonyeza liwu, osati chiwerengero.

Wina anena kuti izi n'zokonda nkhalamba yopuma pantchito. Ayi. Chichewa chidakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Bungwe la Chichewa, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, nkuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Bungwelo lidatha, ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, koma malamulo sadathe nalo limodzi. Wochonga mayeso a MSCE sakudziwani nkhope, ndipo simudzakhala pambali pake kuti mumuuze zimene mumafuna kunena. Adzawerenga zimene zili papepala basi.

Ena amanamizira foni, ati kufunafuna nkhodolero kumachedwetsa uthenga. Mdzukulu wanga adandiuza zomwezo. Ndidamubwereka foni yakeyo, ine wa maso ofookawa, ndipo ndidaipeza nditangodina kawiri. Iye amapeza nthawi yoika tinkhope toseka tisanu kumapeto kwa uthenga uliwonse.